Mmene Montana Inagulira Bwinja Lake

Mumsewu wa Wallace, m'katauni ka Virginia City kumapiri a kummwera chakumadzulo kwa Montana m'dziko la America, muli sitolo ya nsalu imene inatsekedwa mu 1945, ndipo mpaka lero katundu wake akadali pamashelefu. Eni ake anali amayi awiri apachibale, Hannah ndi Mary McGovern, amene anagulitsa zovala za amayi ndi ana kwa zaka zambiri, ogula akunka nachepa chaka ndi chaka. Pamene chitseko chinatsekedwa komaliza panalibe woti n'kuoda zotsalazo, choncho nsalu, zipewa, ulusi ndi mabatani zinangokhala pomwepo. Wofika lero amasuzumira pakhomo n'kuona sitolo yathunthu ya m'nthawi ya agogo, chilichonse chili pamene mwiniwake anachisiya.

Patapita zaka 50, katunduyo anatsala pang'ono kumwazika. Sitoloyo, nyumba zina zoposa 200, ndi zinthu zakale zimene palibe anaziwerengapo n'kumaliza, zonsezo zinali za banja limodzi, banja la a Bovey, ndipo amene anatsala nazo sakanathanso kuzisenza. Mudzi unali pamalonda. Ogula analipo, koma ambiri a iwo mudziwo analibe nawo ntchito. Maso awo anali pa zimene zinali m'kati mwa nyumbazo.

Chiyambi cha zonsezi ndi golide. Pa 26 Meyi 1863, amuna 6 ofunafuna golide anamanga msasa m'khwawa lina. Anali kubwerera ku tauni ya Bannack atabwezedwa ndi anthu a mtundu wa Crow, amene sanalole kuti alendowo adutse m'dziko lawo. Awiri mwa iwo, Bill Fairweather ndi Henry Edgar, anatsala pamsasa kuyang'anira mahatchi, ndipo anatapa dothi la m'mbali mwa kamtsinje n'kulitsuka m'mbale, akuti mwina apezemo ya fodya. Zimene zinatsalira pansi pa mbaleyo zinaposa fodya kutalitali. Khwawalo analitcha Alder Gulch potengera mitengo ya alder imene inawirira m'mphepete mwa madzi. Anapangana kuti asauze munthu, koma atapita ku Bannack kukagula chakudya, kagulidwe kawo kanawaulula, ndipo pobwerera anali ndi khwimbi la anthu pambuyo.

Chaka chisanathe, anthu pafupifupi 10,000 anali atadzaza khwawalo, m'midzi yondondozana pa mtunda wa makilomita 22: Summit kumtunda, kenako Virginia City, Central City, Nevada City, Adobetown, mpaka Junction kumunsi. Olemba mbiri amayerekeza kuti m'zaka zitatu zoyambirira munatuluka golide wa madola 30 miliyoni a nthawiyo. Nkhondo yapachiweniweni ya America inali ili m'kati, ndipo ambiri mwa okumbawo mtima wawo unali kumbali ya kummwera. Anafuna kuti mudzi waukulu utchedwe Varina, dzina la mkazi wa Jefferson Davis, mtsogoleri wa mbaliyo. Woweruza G. G. Bissell, munthu wa mbali ya kumpoto, anakana kulemba dzinalo pachikalata, nalembapo Virginia. Fairweather mwiniwake golideyo sanamupindulire. Amakumbukiridwa kuti ankayenda pahatchi mumsewu akuwaza golide kuti ana azilimbirana, ndipo anamwalira mu 1875 ali ndi zaka 39, m'thumba muli mbee.

Golide ankatuluka m'khwawamo pangolo ndi pamsana pa nyama, ndipo m'njira munali achifwamba. Mu Disembala 1863 anthu anazenga mlandu George Ives panja, mumsewu wa ku Nevada City, pomuganizira kuti anapha mnyamata wina, ndipo pa 21 mwezi womwewo anamunyonga. Patangopita masiku owerengeka, kagulu ka amuna kanalumbirirana mwachinsinsi kuti kathana ndi achifwamba popanda bwalo la milandu. Amenewa ndiwo amatchedwa Vigilantes. M'milungu yochepa ananyonga anthu oposa 20, mmodzi mwa iwo Henry Plummer, mkulu wa apolisi amene anthu anachita kudzisankhira okha, yemwe anamunena kuti ndiye anali mutu wa achifwambawo. Pa 14 Januwale 1864 anapachika amuna 5 tsiku limodzi pamtanda wa denga la nyumba imene inali isanathe kumangidwa. Akatswiri a mbiri mpaka lero amatsutsana ngati onsewo analidi olakwa. Buku la Thomas Dimsdale la mu 1866, loyamba kusindikizidwa ku Montana, linalembedwa moikira kumbuyo onyongawo, ndipo kwa mibadwo ingapo ndilo linali mboni imene anthu ankaimvera.

Nyumba ija ya mtanda ikadalipo, ndipo ili ndi mbiri yachiwiri imene ine ndimaikonda kuposa yoyambayo. Sarah Bickford, mayi wachikuda wobadwira muukapolo, anafika ku Virginia City ali mtsikana wolera ana a woweruza wina. Mu 1888 iye ndi mwamuna wake Stephen analowa m'kampani yopereka madzi m'tauniyo, ndipo mwamunayo atamwalira mu 1900, mayiyu anaitenga kampaniyo n'kuiyendetsa mpaka imfa yake mu 1931. Ofesi yake inali m'nyumba yomweyo. Anthu ankalowa kukalipira bilu ya madzi pansi pa mtanda umene unanyamula anthu 5 aja. Mbiri yotereyi sungainyamule n'kupita nayo kwina, chifukwa imamveka pokhapokha utaima pamalopo.

Ulemerero wa Virginia City sunakhalitse. Dera la Montana litakhazikitsidwa mu 1864, likulu linayamba lakhala ku Bannack, mu 1865 linabwera kuno, ndipo mu 1875 linasamukira ku Helena, kumene golide watsopano anali atakokera kale anthu. Pofika 1870 m'tauniyo munatsala anthu osakwana 1,000, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anali wochokera ku China. Iwowa ankagula maenje amene azungu anawasiya poganiza kuti atha, n'kumatsukanso dothi lomwelo moleza mtima, uku akusalidwa ndi malamulo komanso anansi awo. Za iwo zatsala zochepa kwambiri mumsewu wa Wallace.

Kenako kunabwera makina. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka 1922, kampani ya Conrey Placer Mining inagwiritsa ntchito zimakina zoyandama pamadzi, zimene zinkameza dothi kutsogolo, kusefa golide m'kati, n'kulavula miyala kumbuyo. Phindu lalikulu linakathera ku yunivesite ya Harvard, kudzera m'chuma chimene Gordon McKay anaisiyira. Midzi ing'onoing'ono ya m'khwawamo inamezedwa limodzi ndi dothi limene inamangidwapo, ndipo milu ya miyala imene makinawo anasiya ikuonekabe m'mbali mwa msewu. Ku Nevada City kunapulumuka nyumba zowerengeka chabe, makamaka chifukwa banja la a Finney linakana kugulitsa malo ake. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili m'kati, boma la America linalamula kuti migodi ya golide itsekedwe, ndipo kantchito kotsiriza kanathera pomwepo.

Chimene chinasunga Virginia City ndi umphawi. Njanji siinafikeko. Moto waukulu, umene unapsereza Helena kangapo, kuno sunabwere. Mpweya wa kumapiriko ndi wouma, choncho mitengo siiwola msanga. Ndipo koposa zonse, panalibe munthu wandalama woti agwetse nyumba yakale n'kumanga yatsopano. Tauniyo siinafe konse, chifukwa inakhalabe likulu la dera la Madison, ndipo bwalo la milandu lomangidwa mu 1876 likadalipo. Koma chakumunsi kwa msewu kunali bwinja lenileni, masitolo okhomedwa ndi matabwa, madenga akugwa. Umphawi womwewo unayamba kudya zimene unasunga, pakuti m'nyengo yozizira anthu ankaphwasula nyumba zopanda eni kuti apeze nkhuni.

Umu ndi mmene a Charles Bovey anaipezera tauniyo mu 1944. Anabadwira ku Minneapolis mu 1907, m'banja lolemera ndi zigayo za tirigu za kampani imene inadzakhala General Mills. Anabwera ku Great Falls, ku Montana, ali mnyamata kudzaphunzira ntchito ya m'chigayo, koma anakathera pa ulimi wa tirigu ndi kuweta ziweto, ndipo pambuyo pake anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Montana. Akazi awo, mayi Sue, anali a m'banja la a Ford, lodziwika pa ziweto ndi mabanki. Awiriwa anali ndi nthenda imodzi: sankapirira kuona chinthu chakale chikutayidwa. Anali atayamba kale kutola nyumba zakale n'kuziimika pabwalo la chionetsero cha zaulimi ku Great Falls, pamalo amene anawatcha Old Town. Yoyamba inali shopu ya Sullivan yosokera zishalo za mahatchi, yochokera ku Fort Benton.

Ku Virginia City anayamba kugula nyumba imodziimodzi, zambiri pamtengo wozizira, popeza eni ake ankaona ngati apeza wowalandira katundu wolemetsa. Kagulidwe kawo ndiko kofunika kukamvetsa. A Bovey sankasankha zokongola n'kusiya zinazo. Ankagula sitolo ndi zonse za m'kati mwake: zitini zosatsegula, mabotolo a mankhwala, mabuku a ngongole, masikelo, ngakhale mapepala okulungira katundu. Munthu wogula zinthu zakale kuti akagulitse amatenga wotchi yapakhoma n'kusiya makatoni a sopo, pamene makatoni a sopowo ndiwo amakuuza zimene mayi wa m'tauniyo ankagula Loweruka. Khola lakale la mahatchi analisandutsa nyumba ya zisudzo, ndipo gulu la Virginia City Players, limene linayamba mu 1949, lakhala likuchita masewero mmenemo m'chilimwe kwa zaka zambiri. Mu 1961 boma la America linaika tauniyo pamndandanda wa malo ofunika kwambiri pa mbiri ya dzikolo.

Koma a Bovey sanali katswiri wa mbiri, ndipo si bwino kuwajambula ngati mngelo. Pamene nyumba inasowa, ankaimanganso potengera zithunzi. Pamene nyumba inkaoneka yosakalamba mokwanira, ankaikalambitsa. Hotela ya Fairweather Inn, imene alendo amaijambula kwambiri, inali ndi dzina lina ndi nkhope ina, ndipo iwo anaikonza kuti ifanane ndi hotela ina yakale ya ku Bannack. Mu 1959, atauzidwa kuti achotse Old Town pabwalo la chionetsero lija, anagula malo a Nevada City n'kusamutsira zonse kumeneko pamalole. Pa nyumba pafupifupi 100 zimene zili ku Nevada City lero, zoposa pang'ono 10 ndizo zinamangidwira pomwepo. Zinazo zinachokera uku ndi uku: sukulu ku Twin Bridges, shopu yometera ku Elkhorn, nyumba ya banja la a Sedman ku Junction, holo yaikulu ku Yellowstone. Ndi mudzi umene sunakhalepo, womangidwa ndi nyumba zenizeni. Opanga mafilimu anaukonda, ndipo zigawo zina za Little Big Man, ya mu 1970, zinajambulidwa kumeneko.

Pamenepa pali chondivuta. Ngati mtengo wa chinthu chakale uli pa kukhala pamalo pake, ndiye kuti a Bovey nawonso anazula zinthu zambiri. Katundu wa sitolo ya Wah Chong Tai, ya anthu ochokera ku China mumzinda wa Butte, anamugula yense n'kupita naye ku Nevada City kukakongoletsa kagawo ka Atchaina kamene anachita kupeka. Kumeneko kunali kuzula ndithu. Komabe poti anatenga zonse pamodzi osamwaza, patapita zaka zambiri zinatheka kubweza katunduyo ku Butte, m'sitolo yomweyo, imene tsopano ndi mbali ya nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Mai Wah. Akanagula anthu 200, aliyense kabotolo kake, palibe akanatha kuzisonkhanitsanso. Pa mlandu wozula, ichi ndicho chimawaombola a Bovey.

Chuma chenicheni, pakuwerenga kwa amalonda, chinali m'holo ija yochokera ku Yellowstone. Mmenemo a Bovey anaunjikamo malimba odziimba okha, amene munthu amaponyamo kakhobidi n'kuyamba kulira, ena aang'ono ngati kabati, ena aakulu ngati khoma la nyumba, okhala ndi zitoliro, ng'oma ndi mabelu m'kati. Anagulanso zotsala zonse za kampani ya B.A.B. ya ku New York, imene inkakonza malimba oterewa, ndi zipangizo zake zomwe. Anthu amati palibe malo ena otsegukira aliyense kumpoto kwa America amene ali ndi makina oimba ochuluka chotero. Panalinso ngolo, magalimoto akale, mabogi a sitima, ndi kanjanji kolumikiza matauni awiriwo, kamene anamanga mu 1964.

Zonsezi zinkadya ndalama kuposa zimene zinkabweretsa. Alendo amabwera miyezi itatu yokha ya chilimwe. Miyezi yotsalayo ndi ya chisanu, chipale chikulemera pamadenga, madzi akulowa m'ming'alu n'kuundana. Nyumba zambiri za anthu okumba golide zinangokhazikidwa padothi popanda maziko, poti omangawo ankadziwa kuti sakhalitsa, ndipo mitengo yapansi imawola ngakhale kuume bwanji. A Charles anamwalira mu 1978, mayi Sue mu 1988. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1983, moto unawononga bala yakale ya Bale of Hay. Zonse zinatsalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Ford Bovey. Makolo anali atathira chuma chawo m'nyumbazo mwa kufuna kwawo, koma mwanayo analandira madenga mazana awiri odontha, opanda thumba lowakonzera. Sindimuona ngati wolakwa pofuna kugulitsa. Katundu ameneyu sanali woti munthu mmodzi n'kumusenza.

Vuto linali pa kagulitsidwe. Nyumba yamitengo yopendekeka, kutali ndi mzinda, pamsika ilibe mtengo, ndipo woigula wagula ngongole. Limba lodziimba lokha limakwezedwa palole lero, mawa lili m'chipinda cha munthu wolemera ku California. Njira yachidule yopezera ndalama zambiri inali okushoni, chinthu chimodzichimodzi, wopereka zambiri atenge. Aliyense amene anaonapo abale akugawana katundu pakhomo pa malemu akudziwa mathero ake: uyu bedi, uyu njinga, uyu mbale, ndipo pofika madzulo munthu sangadziwenso mmene womwalirayo ankakhalira. Virginia City akanatsala makoma. Alendo sakanabweranso kudzasuzumira m'zipinda zopanda kanthu, ndipo anthu ochepa okhala m'tauniyo, amene mu 2000 analipo 130, akanataya chowadyetsa.

Mantha amenewa anali ndi maziko, pakuti zinthu zina zinali zitayamba kale kutuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la National Trust for Historic Preservation linaika Virginia City kangapo pamndandanda wa malo 11 a mbiri amene ali pangozi kwambiri m'dzikolo. Anthu a m'tauniyo ndi abwenzi awo anakhazikitsa bungwe la Virginia City Preservation Alliance kuti lizilankhulira malowo. Boma lalikulu la ku Washington linaunika nkhaniyi kudzera m'nthambi yake ya National Park Service, koma silinagule. Panatsala boma la Montana lokha, chigawo chachikulu malo koma cha anthu osakwana 900,000 panthawiyo, chimene nyumba yake ya malamulo imakumana masiku 90 okha pa zaka ziwiri zilizonse. Mpata ukanaphonyeka mu 1997, kunali kudikira 1999, ndipo wogulitsa sakanadikira.

Otsutsa anali ndi mfundo zomveka. Boma lili ndi sukulu, misewu ndi ndende zofuna ndalama, ndiye ligulirenji nyumba zowola ndi zitini zakale? Ndipo ukagula, kulipira sikuthera pa tsiku logulalo. Aphungu ambiri anali a chipani cha Republican, anthu osakonda kuti boma lizitenga katundu watsopano. Komabe bwanamkubwa Marc Racicot, wa chipani chomwecho, anaima kumbali yogula, ndipo phungu Karl Ohs, mlimi wa ziweto wa m'dera lomwelo la Madison, ananyamula bilu yake. Inadutsa. Mu 1997 boma la Montana linalipira madola 6.5 miliyoni n'kulandira nyumba 248, malo okwana maekala 160, ndi zinthu zakale zimene ankaziyerekeza kuti zili pakati pa 500,000 ndi 1 miliyoni. Gawo lalikulu la ndalamazo linali la katundu, osati nyumba kapena malo. Zina mwa ndalamazo zinatengedwa m'thumba limene msonkho wa malasha unkasungira ntchito za luso ndi chikhalidwe, ndipo oimba ndi ojambula amene ankadalira thumbalo anamva kuwawa kwake kwa zaka zingapo.

Ndikukhulupirira kuti aphunguwo anachita bwino. Chimene anagula sichinali milu ya zinthu zamtengo wapatali, koma kugwirizana kwa zinthuzo: kuti botolo ili lili pashelefu iyi, m'sitolo iyi, mumsewu uwu, moyang'anana ndi nyumba imene nyuzipepala ya Montana Post inkasindikizidwira. Kugwirizana kumeneku kulibe mtengo paokushoni, ndipo kumatha pa tsiku loyamba la malonda. Wogula yekhayo amene akanakulipirira ndi amene sankafuna kudzagulitsanso.

Koma aphungu omwewo, pofuna kutonthoza otsutsa, anamangirira chingwe pa mphatso yawo. Anakhazikitsa bungwe loyang'anira malowo, limene limadziwika kuti Montana Heritage Commission, n'kuliuza kuti liyesetse kudzidyetsa lokha ndi ndalama za matikiti, lendi ya masitolo ndi mahotela, ndi malipiro a opanga mafilimu. Apa ndi pamene ndimasiyana nawo. Banja lolemera linathera chuma chake pa ntchito yomweyi kwa zaka 50 osakwanitsa, ndiye kabungwe ka boma kakanakwanitsa bwanji ndi miyezi itatu ya alendo? Anawonjezerapo gawo la msonkho wa malo ogona alendo ndi thandizo lina, koma mndandanda wa nyumba zofuna kukonzedwa sunayambe wafupikapo mokwanira.

Ntchito yoyamba inali yodziwa chimene agula. Kaundula wathunthu panalibe. Zinthu zinali m'masitolo, m'makola, m'mabogi a sitima, m'makatoni osatsegulidwa chifikireni. Nyumba yosungiramo zinthu mosamala, ya McFarland Curatorial Center, inamangidwa ndi ndalama za mphatso, ndipo ogwira ntchito anayamba kulemba chinthu chimodzichimodzi. Lero bungwelo limanena kuti zinthuzo zimaposa 1 miliyoni. Zambiri za komwe chinthu chinachokera, amene anachigulitsa, ndi nyumba imene chinali, zinali m'mutu mwa a John Ellingsen, amene anayamba kugwira ntchito ndi a Bovey mu 1972 n'kupitiriza pansi pa boma. Pachikalata cha malonda dzina lawo silinali pamndandanda wa katundu, koma popanda iwo zinthu zambiri zikanangokhala zakale basi, zosadziwika mwini kapena kwawo. Ndi iwo amene akanatha kusiyanitsa chimene chinabadwira ku Alder Gulch ndi chimene a Bovey anabwera nacho palole, ndipo mlendo ayenera kuuzidwa kusiyana kumeneku mosabisa.

Chiyeso cha okushoni chinabweranso mu 2011, ulendo uno chikugogoda pakhomo pa boma. Pakati pa katundu wa a Bovey panali chidole cha mayi wolosera zam'tsogolo, chokhala m'bokosi lagalasi, chopangidwa ndi kampani ya Mills kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Zidole zambiri zoterezi zimatulutsa kakhadi, koma ichi chimayankhula ndi mawu ojambulidwa, ndipo zotsala za mtundu wake padziko lonse n'zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Kwa zaka zambiri chinangokhala m'lesitilanti ina mumsewu wa Wallace, ana akuponyamo makhobidi. Nyuzipepala zinalemba kuti David Copperfield, katswiri wotchuka wa zamatsenga a pasiteji, anali wokonzeka kupereka madola pafupifupi 2 miliyoni. Chidole chimodzi chokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo umene boma linagulira matauni awiri. Apa m'pamene zinaonekera kuti banja la a Bovey likanapeza zochuluka bwanji likanasankha kumwaza.

Ndalama imeneyo ikanafolera madenga ambiri, ndipo ena ananena poyera kuti chidolecho chigulitsidwe kuti nyumba zipulumuke. Mfundo yawo siinali yopusa. Koma ukagulitsa chidole chaka chino, chaka chamawa denga lina likadontha maso adzagwera pa limba lalikulu, kenako pangolo, ndipo boma lidzakhala litachita pang'onopang'ono chimene linalipira madola 6.5 miliyoni kuti chisachitike. Oyang'anira anakana, ndipo chidolecho chinatsala ku Virginia City.

Chimene chimandidetsa nkhawa tsopano si amalonda, koma moto. Ku Cerro Gordo, bwinja la migodi ya siliva ku California limene linagulitsidwa kwa anthu wamba mu 2018 pa madola 1.4 miliyoni, hotela yakale ya mu 1871 inapsa usiku umodzi mu 2020. Nyumba zambiri za mumsewu wa Wallace ndi zamatabwa ouma a zaka 160, zogundana khoma ndi khoma, zodzaza nsalu ndi mapepala, m'chigawo chimene moto wolusa ukuwonjezeka. Mipopi yozimitsira moto, mawaya atsopano a magetsi ndi alonda a usiku sizinthu zoti zizidikira kuti matikiti a chaka chino agulidwa angati. Aphungu a ku Helena anavomera mu 1997 kuti malowa ndi a anthu onse a ku Montana, choncho ndalama zowatetezera ku moto ziyenera kuchokera m'thumba la boma chaka chilichonse, monga zimachitikira ndi misewu ndi milatho.